Jeke ya matani angati? Pali mafunso ena oyamba kufunsa

Munthu akalowa m'shopu ya zipangizo za galimoto kukagula jeke, funso limakhala limodzi basi: ndi ya matani angati? Wogulitsa amalidziwa funsoli, moti amayankha musanamalize n'komwe. Iyi ndi ya matani awiri, iyi anayi, iyi khumi, bwana, imadzutsa ndi lole yomwe. Nambala ikakula mtima umakhala m'malo, ndalama zimatuluka, jeke ija imakaponyedwa kunsi kwa mpando kudikira tsiku lake. Chonsecho pa nkhani zonse za galimoto yogwa pa jeke zimene ndamvapo kwa madalaivala, sindinamvepo yoti jeke inathyoka pakati chifukwa matani anachepa. Zimene ndamva ndi zoti inaterereka, inamira m'dothi, inapendekeka, kapena inakana kulowa pansi pa galimoto, munthu n'kuyamba zachidule ndi miyala.

Nkhani ya jeke inandipeza ine, munthu wokhalira kulemba pa kompyuta, chifukwa cha Hiace ya amayi. Ndi yakale, yoyera, mipando yakumbuyo anachotsa kalekale. Kawiri pa sabata imanyamuka m'bandakucha kupita ku Lizulu, nthawi zina mpaka ku Tsangano, kukatenga kachewere, kabichi ndi anyezi, n'kubwerera ku Lilongwe itakhala pansi kumbuyoku ngati bakha. Fizi yanga ya ku yunivesite inachokera m'galimoto imeneyi. Kwa zaka zambiri ankayendetsa ndi amalume. Maso atayamba kuwavuta usiku anasiyira mlongo wanga wamng'ono, mnyamata wa zaka 22 amene amakhulupirira kuti chilichonse chimatheka bola changu.

Tsiku lopatsana makiyi amalume anatulutsa zonse zimene zinali kunsi kwa mpando, ndipo jeke yawo ananyamula, poti inali yawoyawo. Imene inatsala ndi ija inabwera ndi galimotoyo pogula: kajeke ka sizasi, kaja kopukusa ndi chitsulo, kotseguka ngati lumo. Pa kapepala kake kofufuma panalembedwa 800 kg. Sikanali ka Hiace ayi, kanali ka galimoto ina yaing'ono. Zoterezi n'zosadabwitsa. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan zitagwira kale ntchito, zimatsikira pa doko ngati la Dar es Salaam, n'kudutsa m'manja ambiri zisanafike pakhomo. Pofika kwa inu, jeke imene ili m'kati mwina ndi yake, mwina ndi yongoikamo kuti musafunse. Amayi anakayang'ana kajeke kaja, n'kuyang'ana mwana wawo, kenako n'kuyang'ana ine. "Iwe wa sukulu, kafufuze yoyenera. Ndalama ndipereka."

Ndiye ndinayamba ndi matani omwewo, poti nawonso ali ndi malo ake. Hiace ngati yathu imalemera pafupifupi matani awiri ili yopanda kanthu, ndipo ikadzaza imafika cha m'matani atatu. Mavani akuluakulu monga Ford Transit ndi Mercedes-Benz Sprinter ambiri amaloledwa kufika matani 3.5. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'mapepala ake, kulemera kwake yokha ndi kulemera kumene siyenera kupitirira itanyamula. Jeke sinyamula galimoto yonse, imadzutsa ngodya imodzi. Koma ngodyazo sizigawana katundu mofanana. Matumba a kachewere a ku Lizulu, aja osokerera chipewa pamwamba oti munthu mmodzi sangadzutse, amakhalira matayala akumbuyo. Pa matani atatu aja, kumbuyo kukhoza kutenga awiri, ndiye kuti tayala limodzi lasenza tani yathunthu. Kajeke ka 800 kg kagonja kale pamenepo. Ya matani awiri ingakwanitse pa pepala. Ine ndinakonda ya matani anayi, kuti isamagwire ntchito ili kumapeto kwa mphamvu zake.

Nanga bwanji osangogula ya matani khumi, nkhani n'kutha? Mlongo wanga anafunsa zomwezo. Amalume sanayankhe ndi pakamwa. Anauza mnyamatayo kuti aimike galimoto pabwalo, anagwada pa tayala lakumbuyo, n'kumasula kavavu mpaka mpweya wonse unatuluka.

"Amalume, mukuphwetsa dala?"

"Jeke umaifuna tayala lili lodzaza kapena litaphwa? Katenge tepi ya amayi ako."

Ichi ndi chimene ambiri sachita. Amayeza ndi maso galimoto itaima bwinobwino pa matayala anayi odzaza, n'kuona mpata wambiri pansi. Pa tayala lathu palembedwa 195/80R15, kutanthauza kuti mbali yake, kuchokera pa limu kufika pansi, ndi 80 peresenti ya mamilimita 195, omwe ndi mamilimita 156. Mpweya ukachoka, mbali imeneyo imapinda, galimoto n'kutsika pafupifupi masentimita 10. Ndi tepi ya utelala tinapeza kuti kuchokera pansi kufika pamalo oika jeke patsala masentimita 20 okha. Jeke ya botolo ikamakwera matani, thupi lake limakulanso. Za matani khumi zimene ndinadzayeza m'mashopu pambuyo pake zinali zopitirira masentimita 20 zili zotsekeka. Mphamvu zonse zija, koma pansi pa galimoto yathu sizikanalowa. Ndipo munthu amene jeke yake yakana kulowa, usiku, pa msewu, amachita chimodzi mwa ziwiri: amakumba pansi n'kuikhazika m'dothi lofewa, kapena amakaiika pena paliponse pamene yakwana. Zonse ziwiri ndi njira zogwetsera galimoto.

Nambala yachiwiri amalume anatiyezetsa ndi ya pamwamba. Tayala lophwa limachoka msanga, mukangodzutsa pang'ono lamasuka. Koma la sipeya ndi lodzaza, ndi lalitali. Ngati jeke yafika pamapeto pamene sipeya isanalowe, mwatsala ndi galimoto ya miyendo itatu ili m'malere, mulibe potsitsira, mulibe pokwezera. Kwa ife panafunika kuti malo aja akwere kuchoka pa masentimita 20 kufika cha m'ma 33. Ndiye popita kokagula ndinali ndi manambala atatu pa foni, ndipo matani anali omalizira.

Pamene jeke imagwira napo ndi nkhani. Kumbuyo kwa Hiace kuli ekiselo imodzi yolumikiza matayala onse awiri, yokhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Mukadzutsa pa ekiselo, tayala limanyamuka nthawi yomweyo. Mukadzutsa thupi la galimoto, masipuling'i amayamba atambasuka kaye, thupi likukwera tayala likadali pansi, ndipo jeke imatha ulendo wake wonse isanachite kanthu. Kutsogolo kulibe ekiselo yotero, malo oika jeke ndi ena, ndiye kuyeza n'kofunika mbali zonse ziwiri. Malo enieni amaonetsedwa m'kabuku ka galimoto. Kathu ndi ka Chijapanizi chokhachokha, palibe amene amawerenga, koma zithunzi zake sizifuna womasulira: kamuvi kaloza pamene mutu wa jeke ukhale. Pansi pa chitseko, pa thanki, pa chitsulo chilichonse chopyapyala, mutu wa jeke ya botolo umaboola kapena kupinda, galimoto n'kutsika mwadzidzidzi.

Za mitundu ya majeke sinditaya nthawi. Ya sizasi ndi yopepuka, imalowa paliponse, koma phazi lake ndi lopapatiza ndipo ikatambasuka kwambiri imagwedera. Pa galimoto yodzaza, ine ayi. Ija yaitali ya ma Land Cruiser a m'mapulojekiti imafuna bampala yachitsulo yoikoka, pa Hiace ilibe pogwira, ndipo chogwirira chake chikabwerera chimaswa nsagwada. Mpikisano weniweni uli pakati pa ya botolo ndi ya troli, ija yogona yamatayala imene mumaiona m'magalaja.

Ya troli inandikopa, kunena zoona. Ndi yotakata, ndi yaifupi, imalowa pansi popanda mkangano. Koma imapangidwa kuti iziyenda. Mkono wake ukamakwera umakhota, ndiye jeke yonse imayenera kusendera pa timatayala take kuti mutu ukhalebe pamalo amodzi. Pa simenti zimatheka bwino. Pa dothi kapena pa miyala timatayala timakanirira, ndipo m'malo moti jeke isendere, mutu ndi umene umakoka galimoto kapena kuterereka. Onjezani kulemera kwake ndi malo amene imadya, malo a thumba lathunthu la anyezi. Amayi sakanalola. Ya troli ndi ya pakhomo, kwa amene ali ndi khonde la simenti.

Ya botolo ndi yakale kwambiri. Mu 1851 Richard Dudgeon, mmisiri wobadwira ku Scotland amene ankagwira ntchito ku New York, analembetsa jeke ya mafuta yonyamulika m'manja, ndipo nzeru yake sinasinthe. Mukamapopa, kapisitoni kakang'ono kamakankhira mafuta kunsi kwa pisitoni yaikulu, pang'onopang'ono, ndipo kampira kachitsulo kamatseka njira kuti mafutawo asabwerere. N'chifukwa chake dzanja limodzi limadzutsa tani. Koma taganizirani bwino zimenezi: tani yonseyo yakhala pa mafuta, mafutawo agwidwa ndi kampira kachitsulo ndi kalabala. Kalabalako kakatopa, kapena kamchenga kakalowa pa kampirako, galimoto imatsika, nthawi zina pang'onopang'ono moti simuona.

Chofooka chachikulu cha jeke ya botolo ndi phazi. Ndi chinthu chachitali choima pa kaphazi kakang'ono, ndipo galimoto ikamakwera mbali imodzi imapendekeka n'kumakankhira mutu wa jeke cham'mbali. Apa ndi pamene msewu wathu umalowerera. Amene mumayenda pa M1 pakati pa Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe mukudziwa mmene m'mphepete mwake mulili m'malo ambiri: phula lathera pompo, pali kaphompho, kenako dothi lotsetsereka kupita ku ngalande. M'dzinja dothilo limaoneka louma pamwamba, pansi pali phala. M'mwezi wa Okutobala ngakhale phula lenilenilo limafewa masana, phazi la jeke n'kudinda. Phazi la masentimita 10 mbali zonse limaika tani yonse pa malo ochepa ngati chikhatho. Ikani pansi pake thabwa la masentimita 30 mbali zonse, katundu yemweyo wagawidwa pa malo okula kasanu ndi kanayi. Pa zonse zimene tinagula, thabwa ndi limene linali lotchipa, ndipo ndi limene amalume analimbikira kwambiri.

Ali ndi chifukwa. Chala chawo chachikulu cha kumanzere sichipinda. Tili ana tinkachiseka, ankatiopseza nacho. Tsiku loyeza lija ndi pamene anatiuza nkhani yonse. Anali pa minibasi, nthawi ya mvula, tayala lakumbuyo linaphulika madzulo. Jeke inali yabwino, yamatani okwanira, koma inaperewera msinkhu, ndiye kondakitala anatola njerwa ziwiri pa uvuni wapafupi n'kuika pansi pake. Anthu ena anakana kutsika chifukwa cha mvula. Tayala lophwa linachoka. Pamene ankalowetsa sipeya, dzanja lili pamwamba pa tayala, wina m'katimo anasuntha kupita ku windo. Njerwa yapamwamba inangoti phwa.

"Thabwa limalira lisanathyoke," anatero. "Njerwa siyankhula."

Ndi zoona. Njerwa yowotcha ndi buloko ya simenti zimapirira katundu wogawidwa bwino m'khoma, koma mukaziunjikira mphamvu pamalo amodzi zimasweka kamodzin'kamodzi. Tinapita kwa kalipentala wa m'dera lathu, anatidulira matabwa awiri a mtengo wolimba. Limodzi ndi lokhazikapo jeke. Linalo ndi lochindikala, losongoka mbali imodzi, ndipo ntchito yake ndi ina: thabwa likalowa pansi pa jeke limadya mpata uja wa masentimita 20, ndiye umayamba wakwezera tayala lophwalo pa thabwa lachiwirili poyendetsa galimoto pang'ono. Ekiselo imakwera, jeke ndi thabwa lake zimalowa bwinobwino.

Kokagula ndinapita ndi tepi ija m'chikwama. Wogulitsa woyamba atandiona ndikuyeza jeke anaseka.

"Achemwali, mukusoka diresi? Tengani ya teni iyi, amuna anu akasangalala."

"Ndi ya galimoto ya amayi anga, achimwene. Tandipopereni iyi ya folo ndione pamene ithere."

Anapopa monyinyirika. Apa ndi pamene majeke amasiyana, ngakhale onse apakidwe penti yofiira yofanana. Ina pisitoni yake ikatuluka yonse imagwedera mukaigwira ndi dzanja. Ina imakwera modumphadumpha, chizindikiro chakuti m'mafuta muli mpweya kapena mafutawo ndi ochepa. Ina pakhosi pake pamakhala ponyowa isanagwire n'komwe ntchito. Ndinayang'ana phazi ngati ndi lotakata ndi lathyathyathya, ndi pamene anawotcherera botolo ku phazilo. Ndinayang'ana mutu ngati uli ndi timizere togwira chitsulo, poti wosalala umaterereka. Ndinapukusa kasikuluwu ka pamutu, kaja kowonjezera msinkhu, kuona ngati kali ndi poima kapena kamangotuluka mpaka kugwa. Ndinatsegula kavavu kotsitsira pang'onopang'ono. Kabwino kamalola kutsitsa mwaulemu, koipa kamakhala kotseka kenako n'kutseguka konse. Jeke yopanda kapepala konena matani, msinkhu wotsekeka ndi msinkhu wotambasuka, ndinaisiya, ngakhale inali yotsika mtengo. Ndinagula pa shopu yachitatu: matani anayi, masentimita 18 ili yotsekeka.

Ndinagulanso chinthu chimene amayi sananditume, sitandi yachitsulo ya miyendo, ija amakaniko amakhazikapo galimoto akaidzutsa. Ilibe mafuta, ilibe labala, ndi chitsulo chokhoma pa chitsulo. Jeke ndi yodzutsira, yokhalira ndi sitandi. Amayi atafunsa mtengo ndinawauza kuti jeke, sitandi ndi matabwa pamodzi sizinafike pa mtengo wa tayala limodzi latsopano, ndipo sanafunsenso. Amene mulibe sitandi, pali njira ya madalaivala akale: sipeya igone pansi pa galimoto pafupi ndi jeke pamene mukuchotsa tayala lophwa, ndipo lophwalo likachoka lilowe m'malo mwake. Galimoto ikagwa igwere pa limu. Koma ngakhale zitatero, mutu, phewa kapena mwendo siziyenera kulowa pansi. Kusintha tayala sikufuna kuti munthu alowe pansi, kupatula kutambasula mkono poika jeke galimoto ikadali pa matayala ake.

Loweruka lotsatira amalume anamuyesa mlongo wanga mayeso pabwalo, galimoto itadzaza matumba, ife tikuonerera. Handibuleki, giya, kenako miyala. Mnyamatayo anafuna kudumpha za miyala, poti handibuleki anali atakoka. Amalume anamukumbutsa kuti handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo ukadzutsa limodzi mwa awiriwo watsala ndi limodzi. Giya nayo siithandiza kwenikweni pamenepo, chifukwa tayala limene lili m'malere limatha kuzungulira lokha galimoto n'kusuntha. Ndiye tayala la pangodya yopingasa, lakutsogolo mbali inayo, litsekedwe kutsogolo ndi kumbuyo. Manati asanu ndi limodzi aja amasulidwe pang'ono tayala likadali pansi, chifukwa kulimbana ndi nati youma galimoto ili pa jeke ndi kuigwedeza dala. Pomanga chimodzimodzi: ndi dzanja ili m'mwamba, modumphitsa nati iyi kenako ya kutsidya, kulimbitsa kwenikweni itatsika. Munthu aliyense atsike, ngakhale kugwe mvula ya matalala.

Mkangano unabuka pa chinthu chimodzi. Amalume anati tayala likaphwa pamalo otsetsereka, pa kona, kapena pamene m'mphepete muli matope, usaime pompo. Yenda pang'onopang'ono, mahazadi akuyaka, mpaka upeze pamalo olimba ndi osalala. Makamaka likakhala la kumanja, poti kuno timayenda kumanzere, ndiye wosintha tayala la kumanja amagwada msana uli ku malole odutsa, ndipo mphepo ya lole imagwedeza galimoto yaitali ngati Hiace. Nthambi zimene timayala pa msewu usiku sizioneka, matrayango ndi amene amawala.

"Achemwali, auzeni amalume mtengo wa tayala," anatero mlongo wanga. "Ndikayenda nalo lophwa mpaka uko, latha. Mwinanso ndi limu yomwe."

Sananame. Tayala loyendetsedwa lophwa limadyeka m'mbali, omata matayala sangalipulumutse. Pa bizinesi ya kachewere, tayala limodzi ndi phindu la maulendo angapo, ndipo mnyamatayo amadziwa kuti amayi amawerengera kobiri iliyonse. Ndinamumvetsa. Tonse tinayang'ana kwa eni galimoto, amene anali atakhala pa mpando akusankha anyezi.

"Tayala likatha udzandiuze, ndidzakalipa kenako ndidzagula," anatero amayi osadzutsa mutu. "Za chala cha amalume akowa sindikufuna ziwiri pakhomo pano."

Panopa jeke imakhala choimirira m'kabokosi kuseri kwa mpando wa dalaivala, poti ya botolo ikagona nthawi yaitali mafuta amatha kudontha. Kumayambiriro kwa mwezi mlongo wanga amaipopa mpaka pamwamba n'kuitsitsa, kuona ngati ikadali yamoyo. Mafuta akachepa amathira a jeke enieni. Mnzake wina anamuuza kuti a mabuleki amagwiranso, koma amenewo amadya timalabala ta m'kati. Chimene chikutivutabe ndi kubwereketsa. Pa siteji aliyense akudziwa tsopano kuti Hiace yoyera ili ndi jeke yabwino, ndipo mnyamatayo satha kukana. Kawiri konse wapita ku Lizulu jeke ili kwa mnzake.

Matabwa nawo anatsala pang'ono kutha. Tsiku lina magetsi atazima, msuweni wathu amene amathandiza kukhitchini anapeza lochindikala lija pakhonde, n'kuliika pambali pa mbaula kuti aliwaze. Amayi analilanditsa nkhwangwa ili kale m'manja. Mawa lake ndinagula kabotolo ka penti yofiira, ndipo pa matabwa onse awiri palembedwa tsopano ndi zilembo zikuluzikulu: ZA GALIMOTO, SI NKHUNI.